Koleji yamwaza mayina a angongole pa WhatsApp: lamulo likuti chiyani?

Bambo, kalata yanu ndaiwerenga. Mwati mwana wanu wamkazi amaphunzira pa koleji ina kuno ku Kasungu, fizi simunamalize chifukwa fodya wanu sanagulidwe ku Chinkhoma, ndiye a ofesi ya zachuma anaponya pa gulu la WhatsApp la ophunzira mndandanda wa onse angongole: dzina, nambala ya chiphaso cha unzika, nambala ya foni ndi ndalama yotsala. Pa dzina la mwana wanu analembaponso kuti teremu yatha anapumira sukulu chifukwa cha matenda. Mukufunsa ngati zimenezi n'zololedwa.

Koleji ili ndi ufulu wolonjerera ngongole yake, ndipo palibe cholakwika kuti isunge mbiri ya ophunzira ake. Pomwe yaphonya ndi pa kagwiritsidwe ntchito ka mbiriyo. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo mu 2024 munabwera lamulo la Data Protection Act lomwe limakhudza osunga mbiri ya anthu, kaya ndi koleji yaboma kaya yoima payokha. Lamuloli limati zimene watenga kwa munthu uzigwiritse ntchito pa cholinga chimene unatengera, usapyole pofunikira, ndipo uzisunge motetezeka. Pokumbutsa munthu ngongole, kalata kapena uthenga wopita kwa iye yekha ukukwana. Nambala ya chiphaso ikufunikanji pagulu, masiku ano akuba a pa foni akusaka zomwezo? Za matendazo ndiye zandikhudza kwambiri, chifukwa nkhani za umoyo wa munthu lamuloli limaziika m'gulu lofuna chitetezo chapadera. Mtsikana anauza a ofesi za kudwala kwake kuti amusungire malo, osati kuti anzake azikambirana ku hositelo.

Ngati mwanayu anakwana zaka 18, mwini dandaulo ndi iyeyo. Inu mumuperekeze, koma kalata asayine yekha. Choyamba ajambule uthengawo pa foni, tsiku, dzina la gulu ndi nambala ya wotumiza zioneke, asanaufufute. Kenako alembere rejisitara wa koleji kupempha kuti mndandandawo uchotsedwe, amuuze anaulandira ndani, ndiponso amupatse zonse zimene koleji ikusunga zokhudza iye. Kuona mbiri yake ndi kukonzetsa zolakwika ndi ufulu umene lamuloli likumupatsa. Afunsenso ngati koleji inadziwitsa bungwe la MACRA, lomwe likuyang'anira lamuloli, pakuti mbiri ya anthu ikatuluka mosaloledwa wosungayo amayenera kunena pasanathe maola 72 atazindikira. Makalata akhale awiri, ina adindepo chidindo cha ofesi abwere nayo kunyumba. Zongolankhulana pakamwa zimavuta kuzitsimikizira mawa.

Akapanda kuyankha, kapena akayankha mozemba, dandaulo lipite ku MACRA pamodzi ndi kalata yodindidwa ija ndi zithunzi za uthenga. Nkhani ya chipukuta misozi ingathenso kupita kukhoti, ndipo ngati ndalama ya loya palibe, kafunseni ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza pa milandu anthu osakwanitsa kulipira loya.

Dandauloli silifafaniza ngongole, choncho kambiranani ndi koleji za kulipira pang'onopang'ono, pa kalata ina yapadera. Mumuuzenso mwanayo asatumize mndandandawo kwa achibale kapena pa Facebook pofuna kuonetsa zimene amuchitira, chifukwa muli mayina ndi manambala a ana a eni.