Za kubetcha pa poker flop ikatuluka: yankho kwa achimwene a ku Area 25

Achimwene, mwati mukakweza ndi A-K (ace ndi king m'manja) musanaone flop (makadi atatu oyamba oikidwa pa tebulo kuti onse agwiritse ntchito), mumabetchanso nthawi zonse flop ikatuluka, kaya mwagunda (makadi anu agwirizana ndi a pa tebulo) kaya ayi, ndipo ndalama zikungopita. Mukufunsa ngati muzingosiya kubetcha mukaphonya. Musasiye, koma musanatambasule dzanja muzidziwa chomwe mukufuna: kodi alipo amene ali ndi makadi ofooka kuposa anu woti alipire, kapena alipo amene ali ndi abwino kuposa anu woti ataye? Ngati palibe mwa awiriwa, gogodani tebulo basi, kutanthauza kudutsa osabetcha.

Munthu wa makadi awiri osiyana amapeza pair (makadi awiri a nambala imodzi) pa flop kamodzi pa katatu kokha, pafupifupi 32 peresenti. Ndiye mukatsala awiri, mnzanuyo nthawi zambiri waphonya ngati inu nomwe. Tinene kuti mukusewera ya K500/K1,000 (awa ndi ma blind, ndalama zomwe anthu awiri amayenera kuika makadi asanagawidwe), mwakweza K3,000 muli pa button (malo a wosewera motsiriza flop ikatuluka), wa big blind (woika K1,000 uja) yekha walipira. Pakati pali K6,500. Flop yabwera Q-7-2 ya mitundu yosiyana. Apa ikani K2,000 yokha. Kandalama kameneka kamabwerera ngakhale munthuyo atamataya kamodzi pa kanayi, ndipo pa makadi ouma (osalumikizana) chonchi amataya koposa pamenepo. Palibe chifukwa chotayira K6,000 pa ntchito yomwe K2,000 ikwanitsa.

Koma flop ikabwera 9-8-7, awiri mwa iwo ali ma hearts, inu mulibe heart, A-K yanu ndi chithunzi chabe. Makadi amene anthu amalipira nawo, 10-9, 8-7, J-10, 6-5, onse agunda pamenepo. Mukabetcha mukungodyetsa mnzanu.

Vuto lenileni, ndikuganiza, ndi matebulo athu a kuno. Ndasewerapo m'nyumba za anzathu ku Area 47 ndi ku Area 18, ndipo sindinaonepo tebulo lomwe munthu amakweza n'kutsala ndi mmodzi. Amalowa anayi, asanu, wina botolo lili kudzanja akuti "tingoonako flop, amwene". Anthu atatu akakutsatirani, mwayi woti onse aphonye umatsika kufika pa katatu pa khumi, mwinanso kuchepera apo. Zimene mumaonera pa YouTube za akatswiri obetcha flop iliyonse zimachitika ali awiri okha. Pagulu la anthu osataya makadi, bluff (kubetcha mulibe kanthu kuti ena ataye) ndi kuthira madzi m'dengu.

Ndalama pa matebulo oterewa zili mbali inayo. Mukagunda, lipiritsani mokwanira. Ambiri a ife tikapeza kadi yabwino timayamba kunyengerera, kuika kandalama kochepa poopa kuti anthu athawa. Sathawa! Muli ndi A-K, flop ndi K-9-4, ma spades awiri, pakati pali K10,000. Wofuna flush (makadi asanu a mtundu umodzi) ali ndi makadi 9 omupulumutsa mwa 47 osaoneka, ndiye pa turn (kadi yachinayi ya pa tebulo) amaipeza pafupifupi 19 peresenti, ndipo akaona turn ndi river (kadi yachisanu) yomwe, mwayi umafika 35. Mukaika K2,000, iye akulipira K2,000 kuti apikisanire K14,000 (kuphatikizapo yakeyo), akungofunika mwayi wa 14 peresenti. Mwamugulitsa kadi motchipa, ndipo sanalakwitse polipira. Mukaika K7,000 akufunika 29 peresenti pa kadi imodzi, alibe, koma alipirabe chifukwa mtima wake uli pa spade ija. Phindu lanu limachokera pamenepo, ngakhale masiku ena spadeyo imabweradi n'kukupwetekani.

Masamu omwewo agwiritseni ntchito inu mukakhala wosakasaka. Werengani makadi okupulumutsani, chulukitsani ndi 2 pa kadi imodzi, ndi 4 ngati muona onse awiri osalipiranso, mupeza peresenti ya mwayi wanu. Wina akabetcha theka la pot (ndalama za pakati) mumafunika 25 peresenti, akabetcha pot yonse 33. Straight (makadi asanu otsatizana) yosowa kadi ya pakati ili ndi makadi 4 okha, musamaithamangire.

Malo okhala nawonso amalankhula. Wotsiriza kusewera amaona zomwe ena achita, amatha kutenga kadi yaulere kapena kukulitsa pot akafuna. Mukakhala oyamba, muzichepetsa makadi amene mumalowa nawo.

Chomwe chinandiphunzitsa ine mowawa ndi turn. Usiku wina magetsi atazima tinkasewera ndi nyali ya foni itatsamira botolo. Panali bambo wina wachikulire, wa phee, amene usiku wonse ankangolipira osakweza ngakhale kamodzi. Ine A-K, flop K-7-2, ndabetcha, alipira. Turn 5, ndabetchanso K12,000. Bambo aja anayang'ananso makadi awo, n'kukankha K40,000 osanena kanthu. Mumtima ndinadziwa. Munthu amene wakhala maola anayi osakweza sangayambe bluff pakati pa usiku. Koma ndinati king ndi ace sindingataye, ndinakankha zonse. Anali ndi 2-2. Pair ya m'manja imasanduka set (makadi atatu a nambala imodzi) pa flop pafupifupi kamodzi pa kasanu ndi katatu, ndipo siioneka, imabisala ngati njoka m'udzu. Pair imodzi, ngakhale ikhale yapamwamba, si ya kufera nayo ma big blind 100 kwa munthu woteroyo. Ndikanataya pa K40,000 paja ndikanatsala ndi zoposa theka la ndalama zanga.

Pa cash game (yomwe mumalowa ndi ndalama zanu n'kuchoka mukafuna) ma blind sakwera ngati pa tournament (mpikisano wochotsana), palibe chokuthamangitsani. Mutha kukhala ola lathunthu mukutaya makadi, kenako n'kudya pot imodzi yabwino. Ndipo ya lendi kapena ya fizi isafike pa tebulo, chifukwa munthu woopa kuluza amabetcha mwamantha ndipo anzake amaona.

Ngati mukukumbukira dzanja limodzi lomwe linakupwetekani sabata ino, lilembeni pansipa: munakhala pati, munali angati, pakati panali zingati, flop inali yotani. Tiliunike limodzi. Langa lija ndinalimaliza ndi kubwereka K2,000 ya kabaza kwa bambo omwe aja.