Yankho kwa amalume pa nyali yolembedwa CHECK GAGES

Amalume, mwaswera bwanji? Chithunzi chija ndachiona, ndiye ndati ndingoyankha ndi mawu, kulemba kuchedwetsa. Mukufunsa ngati dashibodi yanu ndi yachinyengo poti nyali yalembedwa CHECK GAGES, yopanda U, pomwe kusukulu munaphunzira kuti ndi gauges. Ayi amalume, mtima m'malo, palibe amene anakupusitsani. A General Motors analemba choncho kwa zaka zambiri pa magalimoto awo a Chevrolet ndi GMC, ndipo pa Jeep zina zakale mukapezanso zomwezo. Ku America akatswiri ena a makina amalemba gage, ena gauge, koma katchulidwe n'kamodzi, ndi geji yomwe timaidziwayi.

N'chimodzimodzi ndi tayala. Galimoto yopangidwira anthu a ku America kapena ku Canada imalemba TIRE, ya ku Britain imalemba TYRE. Ndiye kalembedweko kamangokuuzani anthu amene galimotoyo inapangidwira, basi. Penanso dzina limasinthiratu. Kachipangizo koletsa galimoto kuterereka pokhota, a Toyota amati VSC, a Honda VSA, a Nissan VDC, a BMW DSC, koma ntchito yake ndi imodzi. Nyali ya thumba la mpweya lotetezera pa ngozi, kwina mupeza yalembedwa SRS, kwina AIRBAG. N'chifukwa chake masiku ano makampani ambiri anasiya mawu, amangoika tizithunzi timene anagwirizana pa dziko lonse.

Koma amalume, chimene chandidetsa nkhawa ine si chilembo chasowacho. N'choti nyaliyo yayaka. Imeneyo sinena vuto lenileni, imangokuuzani kuti yang'anani mageji, ina mwa iwo yafika poipa. Kawirikawiri imakhala ya kutentha kwa injini, ya mphamvu ya oyilo kapena ya batire. Pa magalimoto ena imayakanso mafuta akatsala pang'ono kutha, ndipo ikakhala imeneyo, eee, tathokoza.

Ndiye yang'anani mivi ija. Wa kutentha ukayandikira pa H kapena pofiira, imani pambali, zimitsani injini pompo. Chonde musatsegule chivindikiro cha rediyeta injini idakali yotentha, madziwo amatuluka mwamphamvu ndipo amawaula nkhope ndi manja. Dikirani izizire kaye. Muvi wa oyilo ukagwa pansi, apo ndiye musanene kuti ndingofika kaye kunyumba. Injini yoyenda popanda oyilo wokwanira imawonongeka m'mphindi zochepa, zitsulo zimakhulana mpaka kugwirana. Zimitsani, solokani kachitsulo koyezera kaja muone. Oyilo akakhala wokwanira koma muvi uli pansibe, musailizenso, aitaneni amakaniko.

Ya batire, injini ikamalira imayenera kukhala cha pa 14. Ikatsika kufika pa 12 kapena pansi pake, ndiye kuti alternator, chipangizo chotchaja batire, sikutchaja. Onaninso lamba, chifukwa pa magalimoto ambiri lamba yemweyo ndi amene amazunguza pampu ya madzi. Akaduka, injini imayamba kutentha posakhalitsa.

Pachithunzi chanu pakuoneka nyali yokhayo, mivi sikuoneka. Ngati oyilo ndi madzi zili bwino, lizani injini galimoto itaima, mujambule dashibodi yonse mivi ikuoneka, munditumizire muno. Ulendo wautali uyambe wadikira mpaka tione kuti ndi geji iti. Mundipatsire moni kwa onse kunyumbako.