Musanaboole boti la amalume anu

"Agogo, ine ndi mng'ono wanga timayendetsa boti lamatabwa la amalume athu kuno ku Senga Bay, ndipo masiku ena timanyamula alendo okonda kuwedza. Mlendo wina wa ku Johannesburg watiuza kuti tipeze downrigger, chida chomiza nyambo pansi pa madzi, ndipo akuti akhoza kutibweretsera akamabweranso. Tisankhe chamagetsi kapena chopukusa pamanja? Nanga tichimange pati? Amalume sitinawauze chifukwa iwo zachilendo sazifuna. Tikufuna adzangoona nsomba zitadzaza boti."

Adzukulu anga, mwafunsa ziwiri, koma nkhani yeniyeni mwaibisa kumapeto kwa kalata, ndiye ndiyambira komweko. Botilo si lanu. Chida mukunenachi sachikoleka ngati chipewa pamsomali, chimafuna kuboola thabwa, ndipo kuboola boti la munthu mwiniwake osadziwa kuli ngati kugumula khoma la nyumba yake iye ali kumunda, ati mukumuikira zenera. Pitani kwa amalume anu madzulo atadya. Mukakhale pansi, osati kuwaimitsa pagombe anthu akumva. Muwaonetse chithunzi pafoni, muwauze kuti mabowo adzakhala angati, ndalama zichokera kuti, ndiponso thabwa likang'ambika adzalipira mmisiri ndani. Safunsa anadya phula. Komanso musawayese otsalira anthu a msinkhu wathu. Ndife amene tinasiya nkhafi n'kugula injini, tinaona nyali zapalafini zikulowedwa m'malo ndi mababu a batire pokopa usipa. Chimene timadana nacho ndi kudzidzimutsidwa pa katundu wathu.

Tsono za chidacho. Ine ndinachigwirapo pamene ndinkayendetsa boti la alendo pamalo ena ogona alendo konkuno ku Salima, ndipo nditachiona koyamba ndinaseka. Ndi nzeru yomwe ija ya mwala. Ife tikafuna kuti nyambo ya ncheni itsike, tinkamangirira kamwala kuchingwe, n'kumayeza ndi mikwamba, kenaka n'kumapalasa pang'onopang'ono. Vuto linali lakuti nsomba ikadya umakoka nsomba ndi mwala womwe. Downrigger inalekanitsa ziwirizi. Pali gudumu lokulungira waya, pali mkono wotulukira kunja kwa boti, ndipo kumapeto kwa waya kuli chimpira cha mtovu. Pafupi ndi mtovuwo pali kopanira konga pegi yoyanikira zovala. Chingwe cha mbedza yanu mumachipanitsa pamenepo, mtovu n'kutsika nacho mpaka pomwe mukufuna. Ncheni ikatsomphola nyambo, chingwe chimapulumuka pa pegi, inu n'kulimbana ndi nsomba yokha pandodo, mtovu uli chilendewere pawaya wake.

Chida chimenechi chinatchuka kunyanja zikuluzikulu za ku America, makamaka pambuyo pa 1966 pamene anathira nsomba za salmon mu Lake Michigan. Kumeneko nsombazo zimathawira pansi kufuna madzi ozizira. Nyanja yathu si choncho kwenikweni. Pamwamba madzi amafunda madigiri 24 mpaka 29, pansi penipeni amangotsika kufika cha m'ma 22. Ncheni yathu imatsika ndi kukwera potsata chakudya ndi kuwala, mbandakucha ili chapamwamba, dzuwa likakwera yalowa pansi. Ndiye musamve kuti nyanja ino imazama mamita 700 n'kumafuna waya wofika kumeneko. Malo ozama choncho ali kumpoto, ndipo kupitirira mamita 250 kulibe mpweya woti nsomba n'kukhalako. Zida zambiri zopukusa pamanja zimabwera ndi waya wa mafiti 150 kapena 200, ndipo kuno kwathu ameneyo akukwanirani. Kowerengera kake kamanena mafiti. Mkwamba umodzi ndi mafiti 6, kotero kakalemba 60 dziwani kuti mwatsitsa mikwamba 10, mamita 18. Boti likamayenda madzi amakankhira mtovu kumbuyo, waya n'kupendeka, motero nyambo imakhala chapamwambako kusiyana ndi nambala mukuwerengayo.

Ndikuuzeninso izi musanasangalale kwambiri: chambo sichithamangira nyambo ya kachitsulo konyezimira, chakudya chake n'china. Kampango ndi wapansi, wausiku. Chida ichi kwenikweni ndi cha ncheni. Mukaotcha petulo tsiku lonse kuti mukagulitse ncheni zisanu pamsika, mudzabwera ndi ngongole. Phindu lake lili pa mlendo amene akulipira ulendo. Boti lodzaza nsomba limene mukufuna kudabwitsa nalo amalume anu liiwaleni.

Sankhani chopukusa pamanja. Chamagetsi n'chokoma, umangodina mtovu n'kukwera wokha, koma chimadya batire la mavoti 12, chimafuna mawaya osalowa madzi, ndipo boti lanu ndi lotseguka, mwera ukawomba m'mwezi wa Juni madzi amalowa ngati mukusamba. Kamota kake kakapsa mudzakapeza kuti kuno ku Salima? Mudzadikira mlendo wanu chaka chathunthu. Muli anyamata awiri a mikono yabwinobwino. Mayina odziwika ndi Scotty ndi Cannon, ndipo onse awiri amapanga zapamanja zolimba. Mumuuze mlendoyo asabwere ndi chida chokha. Abweretse mapegi angapo apadera, waya wina wosinthira, ndi tizitsulo tomangira kumapeto kwa waya, pakuti timeneti ndi timene timatha msanga. Mkono ukhale waufupi, wa masentimita 60 kapena kuposerapo pang'ono. Mkono wautali umasuntha waya kutali ndi injini, inde, koma umapotokola thabwa ngati mmene mpini wautali umazulira chitsa. Mtovu wa mapaundi 8 kapena 10, kunena kuti makilogalamu atatu ndi theka kapena anayi ndi theka, ndi wokwanira.

Ndikudziwa kuti wina wa inu waganiza kale zosungunula mtovu wa m'batire lakutha kuti apange chimpira chake. Utsi wa mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana. Osachitira zimenezo pamafuwa a amayi anu kapena mumphika wophikira. Chitsulo cholemera chosalala bwino chingagwire ntchito, kungoti madzi amachikankha kwambiri poti n'chachikulu.

Pomanga ndi pamene ine ndinachita manyazi, ndiye tcherani khutu. Chida chimene ndinagwira chija tinachimanga mothamanga, alendo akudikira, ndi masikuluu anayi pathabwa lam'mphepete. Chinaoneka cholimba, ndinachigwedeza ndi dzanja osasuntha. Tsiku lachitatu tikudutsa pamalo a miyala, mtovu unakodwa pansi. Ndinangomva waya ukulira mokweza ngati nsambo yokungidwa kwambiri, boti n'kupendekera mbali imodzi, kenaka phwaa! Thabwa linang'ambika motsata mitsempha yake, chida chonse n'kudumphira m'madzi, masikuluu ali ndi tizibenthu ta thabwa m'mano mwake. Mlendo anagwa chagada pa chigubu cha petulo. Ine ndinatsala nditagwira chiwongolero, kukamwa kuli yasa. Tinali titamanga buleki ya gudumu la waya mpaka kumapeto. Waya wa zida zimenezi saduka msanga, amapirira mapaundi pafupifupi 150, ndiye chimene chinagonja ndi thabwa.

Chitani motere. Itanani mmisiri amene anakhoma botilo, kapena amene amalimata likamadontha, chifukwa iye akudziwa thabwa lomwe lili ndi moyo ndi lomwe lafumbwa mkati. Malo ake ndi chakumbuyo, pambali, poti woyendetsa afikepo ndi dzanja osaimirira, koma waya asayandikire pulopela ngakhale mukukhota. Musanaboole, imikani chidacho pamalopo, mukhotetse injini mbali zonse, mupukuse chogwirira muone ngati chigongono sichikugunda kanthu. Mmisiri aike chithabwa chochindikala cha mtengo wolimba ngati mlombwa, cholumikiza nthiti ziwiri za boti, kapena chopingasa kuchokera mbali ino kufika mbali inayo, kuti mphamvu ikamakoka izigawanika. Masikuluu ayi. Mabawuti osachita dzimbiri, obooleza mpaka kuseri, kuseriko kukhale kachitsulo kafulati kapena mawashala aakulu, kenaka manati. M'mabowo mupakemo penti kapena phula kuti madzi asayambe kuoletsa thabwa. Mukapeza tsinde lozungulira, lolola kuti mkono ubwerere mkati pokocheza, litengeni, pakuti pagombe la Senga Bay maboti amagundana ngati ng'ombe pakhomo la khola. Ndipo buleki muisiye yoti mtovu ukakodwa waya azitha kutuluka yekha.

Waya ameneyu osamukulunga padzanja. Amadula chala ngati lumo, makamaka akayamba kutuluka timinga. Mtovu ukakwera m'boti uzikhala ndi malo ake, m'kabokosi kapena m'chigubu chodula, osati kumagubuduzika pansi mafunde akumenya. Dzinja mukaona mphezi kumpoto, kwezani zonse mubwerere.

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi anzanu apanyanja. Inu mukuona madzi okhaokha, koma pansipo pali matchera a anthu, pali zingwe za mbedza zambirimbiri zotchera kampango, ndipo chizindikiro chake nthawi zina ndi kabotolo kamodzi koyandama. Boti wamba limadutsa pamwamba osakhudza kanthu. Inu mudzakhala mukukoka chitsulo mikwamba 10 pansi, ndipo chidzang'amba ukonde umene munthu anagula ndi ngongole. Musanayambe, kaonekereni kwa akomiti ya pagombe, a BVC, muwaonetse chidacho ndipo akuuzeni kumene anthu amatchera. Mukafike ndi ku ofesi ya zausodzi mukalongosole za chilolezo choyenera ntchito yanuyo. Mukaona zigubu ziwiri zoyandama motalikirana, musadutse pakati pake. Mukaona a chilimira akuzinga, apatseni malo. Zikachitika kuti mwakola ukonde wa wina, musadule n'kuthawa. Panyanja palibe chinsinsi, wina ali m'bwato patali wakuonani kale. Mufunse mwiniwake, mupite kwawo ndi amalume anu, mukapepese ndi kulipira ulusi nkhani isanafike kubwalo la amfumu.

Mlendo akhoza kukukakamizani kuti mumufikitse pomwe iye akufuna, poti walipira. Zilumba za Maleri zili m'paki ya Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo m'madzi a mamita 100 kuzungulira zilumbazo sawedzamo. Ku Mbenji kuli malamulo a Amfumu Makanjira: chilumba chimatsekedwa m'nyengo ya mvula kuyambira Disembala mpaka chitatsegulidwa cha mu Epulo, ndipo mowa sufikako. Mlendo wanu akakhala ndi mabotolo ake m'bokosi la ayezi, mumuuze mwaulemu musananyamuke pagombe, osati mutafika kale. Iye adzakwera ndege n'kupita, inu mudzatsala ndi mlandu. Ndipo mukapita chakumpoto cha ku Nkhotakota n'kukola mpasa, muibwezere m'madzi ikadali yamoyo. Nsomba imeneyi imakwera mtsinje wa Bua kukaswana, ndipo yachepa kwambiri kusiyana ndi mmene tinkaionera ife tili anyamata.

Ncheni yoyamba kugwidwa ndi chida chimenechi musagulitse, musadyenso nokha. Ipite kunyumba kwa amalume anu. Anyamata okuthandizani kukokera boti kumtunda nawo apatseniko ndiwo monga mwa masiku onse, asamati mwayamba kunyada chifukwa cha chitsulo cha azungu.

Amalume anu akavomera, munditumizire uthenga tsiku limene mmisiri akubwera. Miyendo ikandilola ndidzatsika kugombe ndi ndodo yanga, ndidzaone mabawutiwo asanamangidwe, ndipo mudzandisungire mpando pamthunzi chifukwa mchenga wa masana sindiutha masiku ano.