Zoti abusa amauona bwanji mpira wa achinyamata

Achimwene, mwafunsa ngati abusa amaona phindu pa mpira wa achinyamata a mumpingo. Kuno ku Nkhotakota ambiri amauyamikira. Mnyamata amene akanaswera kudoko kudikira asodzi, mwinanso kulawa kachasu, Loweruka masana amakhala pabwalo. Asanayambe amapemphera. Akamaliza, mkulu wa mpingo amawakhazika pansi n'kuwalangiza za Edzi ndi maukwati a ana, nkhani zomwe paguwa zimavuta kuzitchula. Atsikana nawonso ali ndi ntchembere mbaye yawo.

Kwathu kuno Asilamu ndi ambiri, ndiye timu ya tchalitchi ikakumana ndi ya kumzikiti, akuluakulu amakondwa kuti ana akudziwana. Chomwe abusa ena amadandaula ndi kusewera Lamulungu, komanso tizithumwa tomwe anyamata ena amabisa m'sokosi.