Kodi mphamvu imatha kapena imatayika?

Funso: Ndimaphunzitsa sayansi kusekondale. Ana akandifunsa tanthauzo la energy efficiency ndimati ndi "kusunga mphamvu", koma amangondiyang'ana. Ndizinena bwanji? Mphunzitsi, Dedza.

Yankho: Aphunzitsi, anawo sakulakwa. Kusunga ndi kuika chinthu padera kuti udzachipeze mawa, ngati chimanga m'nkhokwe. Batire ndiye imasunga. Inu mukufunsa zina: pa mphamvu yonse yomwe yalowa m'makina, yagwira ntchito yomwe timafunayo ndi yochuluka bwanji?

Dzina limodzi la zimenezi musavutike kulipeka, aneni tili nawo kale. Dalaivala wa minibasi amati galimoto yake "imamwa mafuta". Amayi amati kuphika pamafuwa "kumadya nkhuni", ndipo amaona okha chifukwa chake: malawi akutulukira m'mbali mwa mphika, akuwawula miyendo ya wophika, madzi a nsima osawira. Chitetezo mbaula imautchingira motowo ndi dothi kuti ulunjike pamphika, n'chifukwa chake amati "siidya nkhuni". Yambirani pamenepo.

Mneni woti musamale naye ndi "kutha". Mayunitsi akathera pamita timati "magetsi atha", ndipo pakhomo palibe cholakwika. M'kalasi ayi. Mphamvu siitha, imasanduka kutentha n'kumwazika. Ine ndimakonda "kutayika", poti madzi akatayika sawoleka, koma sindiye kuti asowa, ali pansi pomwepo. Kutentha kotuluka kuekizozi n'chimodzimodzi: kulipo, koma simungakubwezere m'thanki. Pa mphamvu ya petulo, yoyendetsa galimoto nthawi zambiri siipitirira gawo limodzi mwa magawo atatu. Amakaniko asanyozedwe apa, chifukwa Sadi Carnot wa ku France anaonetsa kale mu 1824 kuti injini yoyendera kutentha ili ndi malire, ngakhale itapangidwa mwaluso chotani. Kutentha kwina kuyenera kutayidwa basi.

Tsono pabolodi lembani "mphamvu yogwira ntchito" ndi "mphamvu yotayika". Mukapeza babu lakale lija la mawati 60, liyatseni pambali pa la LED la mawati 9. Kuwala n'kofananako. Uzani mwana mmodzi ayandikize dzanja pa lililonse, osaligwira, kenako anene yekha kuti mawati enawo akupita kuti.