Kompyuta ikamalirira apudeti, tizivomera kangati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena omwe ali ndi kashopu kotaipa makalata, kusindikiza ndi kufotokopa. Anati: "Kompyuta yanga inkangoti apudeti, apudeti, bandulo n'kumatha osadziwa komwe yapita. Tsiku lina inaima pa 30% maola awiri, makasitomala ali ndandanda pakhomo. Mwana wa achemwali anga anatseka zimenezi, akuti chinthu chikamagwira bwino osachigwiragwira. Tsopano chatha chaka. Kodi analakwitsa? Nanga munthu ayenera kuapudeta kangati?"

Mayi, mnyamatayo ndikumumvetsa, koma mankhwala ake anapyola muyeso. Pansi pa dzina limodzi loti apudeti pali zinthu ziwiri zosiyana, ndipo iye anatseka zonse pamodzi.

Choyamba ndi zigamba za mwezi ndi mwezi. Kuyambira 2003, kampani ya Microsoft imazitulutsa Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse. Sindinalembe kawiri molakwitsa ayi, ndikutanthauza Lachiwiri lomwe likubwera kachiwiri m'mweziwo, ndipo kwathu kuno zimafika madzulo cha m'ma 7 kapena 8 koloko. Ntchito yake ndi kumata mabowo omwe akuba apeza mu Windows. Apa ndi pomwe mfundo ya mnyamata uja imagwera. Kompyuta yokhala ndi bowo imagwira ntchito bwinobwino, imataipa, imasindikiza, simungaone chilichonse. Ndipo tsiku lomwe chigamba chatuluka, akuba nawo amachisanthula kuti adziwe pomwe panali bowo, kenako amasakasaka amene sanamate.

Zinachitikapo poyera. Pa 14 Malichi 2017, Microsoft inatulutsa chigamba cha bowo lina lalikulu. Ambiri anati tiona mawa. Pa 12 Meyi, patapita miyezi iwiri, vayirasi yotchedwa WannaCry inalowera pabowo lomwelo m'maiko oposa 150. Inkatseka mafayilo onse n'kulemba pa sikirini kuti ulipire madola 300 kudzera pa Bitcoin, ndalama ya pa intaneti, ngati ukuwafunanso. Ku England zipatala za boma zinavutika kwambiri, odwala pafupifupi 19,000 anauzidwa kuti tsiku lawo loonana ndi dokotala lalephereka. Chakudza sichiimba ng'oma, koma apa ng'omayo inaimbidwa miyezi iwiri yathunthu, anthu osatuluka m'nyumba.

Inu mwina mukuti ndani angalimbane ndi kashopu kanga. Zoona, palibe amene akukusakani ndi dzina. Koma taganizirani mafulashi omwe amalowa mu kompyuta yanu pa tsiku: wa mwana wasukulu, wa mlembi wa mpingo, wa munthu yemwe wangochokera pa shopu ina. Mukudziwa kavayirasi kaja kobisa mafoda n'kusiya timashotikati? Kamayenda choncho, fulashi ndi fulashi. Microsoft Defender, mlonda yemwe amabwera kale mu Windows, amalandira mndandanda wa mavayirasi atsopano kudzera njira yomwe mnyamatayo anatseka ija. Ngati mulibe antivayirasi ina, mwina mlonda wanu watha chaka akuyang'ana nkhope za akuba a chaka chatha.

Chachiwiri ndi apudeti yaikulu, yosintha maonekedwe ndi kuwonjezera zatsopano. Pa Windows 11 imabwera kamodzi pachaka, chakumapeto. Pa iyi ndiye ndili mbali ya mnyamatayo. Mu Okutobala 2018, apudeti yaikulu ya Windows 10 inafufuta mafayilo a anthu ena mu foda ya Documents, mpaka Microsoft inaiimitsa patangopita masiku ochepa n'kudzaitulutsanso mu Novembala. Amene anathamangira ndi amene analira. Amene anadikira sanataye kanthu.

Ndiye ine ndimachita chonchi, ndipo m'shopu mwanu ndingachite chimodzimodzi. Zigamba za pamwezi ndimazilandira mwezi uliwonse, koma osati usiku womwe zatuluka. Ndimadikira mpaka Loweruka. Ngati chigambacho chasokoneza mapulinta, zomwe zimachitika nthawi zina, pofika Loweruka anthu amakhala atadandaula kale pa intaneti. Yaikulu ija ndimaisiya miyezi iwiri kapena itatu, ndipo ndisanaivomere ndimayamba ndakopera mafayilo onse kwina.

Za bandulo ndi za makasitomala pakhomo zili ndi njira yake, sizifuna kutseka chilichonse. Mu Settings, pa malo a netiweki yomwe mumagwiritsa ntchito, yatsani Metered connection. Mukatero Windows imadziwa kuti intaneti yanu ndi yogula pang'onopang'ono, ndiye imasiya kudzikokera zinthu zazikulu mwakachetechete. Pa Windows Update pali Active hours, pomwe mumaiuza maola anu a ntchito kuti isadzizimitse yokha kasitomala ali chiimire. Palinso Pause updates, yoimitsa zonse mpaka masabata asanu, yothandiza nthawi ya mayeso pomwe aphunzitsi akukhamukira kudzasindikiza mapepala. Loweruka mukatseka shopu, gulani bandulo yapadera ya ntchito imeneyi, dinani Check for updates, muisiye ichite zake. Poti papita chaka, ulendo woyambawu udya data yambiri ndipo kompyuta iziyambiranso kangapo. Musadabwe, musaizimitse.

Mawu akuti musaizimitse ndikuwanena ndi chilonda. Ndinayambitsa apudeti pa desikitopu yanga madzulo ena, mitambo itachita bii. Itafika pa sikirini ya buluu ija yolembedwa kuti osazimitsa, mphezi inang'anima, magetsi phethi. Mawa lake kompyuta inkangoyaka, n'kunena kuti ikudzikonza, n'kuzima, n'kuyakanso. Ndinataya tsiku lonse ndikulowetsa Windows yatsopano, mwayi wake mafayilo ndinali nditawasunga kwina. Laputopu yodzaza batire ilibe vuto limeneli. Desikitopu yopanda UPS (kabokosi ka batire kogwirizira magetsi akazima), sankhani nthawi yomwe mukudziwa kuti magetsi kwanuko amakhala, osati nthawi ya mvula yamabingu.

Tsono pali funso lomwe simunafunse, mwina ndi lalikulu kuposa lanu lija. Kompyutayo ili ndi Windows yanji? Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani winver, muwerenge zomwe zituluke. Ikakhala Windows 10, dziwani kuti Microsoft inasiya kuipatsa zigamba zaulere za mwezi ndi mwezi pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa olembetsa ndondomeko yowonjezera yotchedwa ESU. Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, kwa Intel kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu, ndipo makompyuta ambiri akaunjika omwe timagula ndi akale kuposa pamenepo. Ena amachotsa Windows n'kuthawira ku pulogalamu ina yoyendetsera kompyuta yotchedwa Linux, monga Ubuntu, yomwe mtundu wake wa LTS umalandira zigamba zaka zisanu kwaulere ndipo imayenda bwino pa makina okalamba. Koma inu musathamangire. Makhadi aukwati mumawapangira pulogalamu iti? Ngati ndi CorelDRAW kapena Publisher, pa Linux mulibe. Nayonso pulinta yanu iyambe yayesedwa ngati ingagwire.

Mundilembere zomwe winver yaonetsa ndi mtundu wa pulinta yanu, tione chochita. Mnyamata uja mumuitane Loweruka lino, chifukwa ndi yekhayo akudziwa pomwe anatsekera.