Boiler yatsopano: kodi kuitana wina adzaione n'kunyoza amene anaika?

Mayi wina wa ku Leicester, kuno ku England, wandilembera imelo. Akuti awaikira boiler yatsopano ya gasi (makina otenthetsa madzi) ndi ma radiator (zitsulo zofunditsa zipinda ndi madzi otenthawo), ndalama alipira zonse, koma chipinda cham'mwamba sichikufunda ndipo sanalandire pepala lililonse. Akufuna munthu wina adzaone ntchitoyo, koma amene anaika ndi m'bale wa kumpingo kwawo, ndiye akuopa kuti aziti akumunyoza.

Achemwali, funso lanuli landiwawa mumtima, chifukwa manyazi amenewa ndimawadziwa. Ife Amalawi munthu akangodya nsima m'nyumba mwathu, basi, kumufunsa risiti timakuona ngati mwano.

Ifenso boiler yathu anatiikira munthu wodziwika, amene nambala yake inkayenda pa gulu la WhatsApp. Bambo aulemu, oseka ndi ana, mtengo wake wofewa. Zonse zinali bwino mpaka chisanu choopsa cha kumapeto kwa February 2018, chija a kuno anachitcha Beast from the East. Boiler inangozima usiku. Ana anagona atavala majekete, ine ndikuimba foni yosayankhidwa. Mmisiri wina atabwera anatitulutsa panja n'kutionetsa kapaipi koyera kotsika pakhoma. Ma boiler a masiku ano amatulutsa timadzi, ndipo timadzito timadutsa m'kapaipi kameneko kupita ku ngalande. Kakadutsa panja kamayenera kukhala kokulirapo komanso kofunditsidwa. Kathu kanali kowonda, kosavekedwa kanthu, madzi anauma ndi chisanu n'kutseka njira. Atatsegula radiator imodzi munatuluka madzi akuda bii, kusonyeza kuti mapaipi akale sanatsukidwe ndipo mankhwala oletsa dzimbiri sanathiremo. Kenako anapempha buku la boiler. Kumapeto kwake kuli tsamba lotchedwa Benchmark, pomwe woika amalemba zimene wayeza. Linali loyera ngati lagulidwa kumene. Warranty yomwe tinkanyadira ija sinalembetsedwe n'komwe.

Bambo aja tinkakumanabe nawo pa maliro ndi pa maukwati, moni n'kumapatsana bwinobwino. Ndalama zokonzetsera zinatuluka m'thumba mwathu.

Koma kuzizira ndi nkhani yaing'ono. Amene munakulira ku Dedza kapena ku Mzimba mukudziwa zimene mbaula imachita mu June anthu akailowetsa m'chipinda n'kutseka zitseko ndi mawindo. Mpweya womwewo, carbon monoxide, ndi umene boiler imatulutsa gasi akamayaka molakwika kapena paipi yotulutsa utsi ikalumikizidwa mwachinyengo. Suoneka, sununkha. Munthu umangomva mutu, chizungulire, nseru, kutopa, n'kumati ndi mashifiti a usiku. Ukatuluka panja ukupeza bwino, ukabwerera zayambanso. Tsono wina andiuze kuti tisiye kuyeza chinthu chotere poopa kukhumudwitsa mkulu wa mpingo? Ayi. Pa gasi palibe chibale. Ndipo ndinene mosapsatira mawu: mmisiri amene amakwiya ntchito yake ikamaonedwa ndi wina, ameneyo ndiye woyenera kumuonera kawiri. Wodziwa ntchito amakupatsa yekha khadi lake usanapemphe.

Za khadi zomwezi, pali ena mpaka lero amati "ndine wa CORGI". Dzina limenelo linasiya kugwira ntchito pa za gasi mu 2009, pamene Gas Safe Register inalowa m'malo mwake ngati kaundula wa amisiri ololedwa kugwira ntchito za gasi. Khadi la Gas Safe lili ndi chithunzi, nambala ndi tsiku lothera, ndipo kumbuyo kwake amalemba mitundu ya ntchito imene munthuyo ali wololedwa kugwira. Wololedwa kulumikiza cooker sikuti ndi wololedwanso kuika boiler. Ndiponso tsiku limene mudzafune kugulitsa nyumbayo, loya wa wogula adzafunsa satifiketi ya boiler. M'bale uja nthawi imeneyo mwina ali ku Area 47 akumanga yake.

Tsono muchite chiyani

Fufuzani dzina la amene anaika boiler pa webusaiti ya Gas Safe Register. Ntchito ya gasi ikakhala kuti yagwiridwa m'miyezi 6 yapitayi, mutha kulembetsa nyumba yanu kuti mwina a Gas Safe adzaiyendere mwaulere. Iwo amaona za chitetezo cha gasi basi. Za chipinda chosafunda si zawo; kawirikawiri umakhala mpweya wotsekeredwa mu radiator kapena madzi sakugawika mofanana, ndipo woika ndiye ayenera kubwera kudzakonza. Mukafuna kuti zonse zionedwe, lipirani mmisiri wina wa Gas Safe wosadziwana naye, ayeze utsi ndi makina ake, aone kukula kwa paipi ya gasi ndi kapaipi kapanja kaja, akulembereni lipoti. Ku England ndi ku Wales woika amayenera kudziwitsa khonsolo pasanathe masiku 30, kenako mumalandira Building Regulations Compliance Certificate. Funsani imeneyo, tsamba la Benchmark lodzazidwa, ndi umboni wa warranty. Kuyambira October 2022, ku England boiler yatsopano imayenera kuikidwa pamodzi ndi alamu ya carbon monoxide. Mukamva fungo la gasi, tsegulani mawindo, tulukani, imbani nambala ya za ngozi za gasi, 0800 111 999.

M'baleyo muuzeni zoona, kuti mukufuna mapepala a nyumba akhale okwanira. Akakana kupereka nambala ya khadi, musalimbane naye, kadziwitseni a Gas Safe.

Inu a lendi musaganize kuti nkhaniyi yakudutsani. Landilodi amayenera kuyezetsa zipangizo za gasi chaka chilichonse ndi kukupatsani pepala lake pasanathe masiku 28. Ambiri mwa ife timakhala zaka m'nyumba za eni osalionapo, n'kumaopa kufunsa kuti angatikwezere lendi. Mulembereni meseji lero, ndipo yankho lake mulisunge.